Amai, Pitani, Zikwama Ndisunga Ine

Lachiwiri lapitali ndinakatenga amai ku Kabwata kuti tikatsukitse zithunzi m'tauni. Amai anga chithunzi cha mu foni sachiwerengera. Kwa iwo chithunzi ndi chija umachigwira m'manja n'kuchipachika pakhoma, kuti anzako a kumpingo akabwera achione okha, iwe uli phee ngati sukudziwa kanthu.

Zinali zithunzi za ulendo wathu wa ku zilumba za Zanzibar, kumene tinapita atatu: amai, mng'ono wanga Misozi, ndi ine. Bambo wa m'sitolo yotsukira zithunzi ankazidutsitsa pa kompyuta chimodzichimodzi, ife tikusankha. Atafika kumapeto anatembenuka.

"Ba sisi, kuyenda konse kuja, ba mami sibanangeneko mu manzi olo kamozi?"

Sindinamuone wolakwa pofunsa. Pazithunzipo Misozi ali m'madzi, ine ndili m'madzi, tonse awiri tavala magalasi oonera pansi pa nyanja, kapaipi kopumira kali kukamwa. Amai ali pamchenga pansi pa mtengo, chipewa kumutu, zikwama zitatu pambali, mwendo umodzi ataupisa m'lamba wa chikwama chachikulu. Tsiku loyamba choncho, lachiwiri choncho, lachitatu ali m'boti zikwama zili pamiyendo. Chimene chinkasintha ndi chitenje chokha.

Amai sanadikire kuti ndiwayankhire. "Ninangena," anatero.

"Manje chithunzi chili kuti, ba mami?"

"Kulibe."

Ananena monyadira, ngati akunena kuti ana awo onse anamaliza sukulu. Bamboyo anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana pansi, chifukwa nkhani yake ndi yaitali ndipo ine sindikuoneka bwino m'menemo. Koma inu ndikuuzani.

Maso a amai akutha. Ndi matenda a shuga. Adokotala anatiuza mosabisa kuti lamanzere lapita, lamanja likutsatira pang'onopang'ono, ndipo tsiku lake sakulidziwa. Titatuluka m'chipatala, ine ndi Misozi tinawafunsa chimene akufuna kuona diso likadali ndi mphamvu. Tinkayembekezera kuti anena kumudzi ku Katete. Iwo anati nyanja yamchere.

Chifukwa chake ndi thaulo. Amai anagulitsa salaula, zovala zakale zochokera kunja, pa City Market kwa zaka zambiri, ndipo tsiku lina potsegula belo anapezamo thaulo lojambulidwa nsomba zachikasu zamizere yabuluu. Sanaligulitse. Analipachika kumbuyo kwa benchi yawo mpaka linachita kusuluka ndi fumbi. Nsomba zimene iwo ankazidziwa ndi kapenta, buka-buka ndi bulimu, zakufa, zotuwa, zili pa tebulo ntchentche zikuzungulira. "Nifuna kuziba ngati nsomba za so ziliko zoona," anatero, "kapena ni boza ya ba fakitale."

Ndiye tinakonza ulendo wa masiku anayi. Cholinga chinali chimodzi chokha, kuti amai aviike nkhope m'madzi, aone nsomba ya pathaulo ndi diso limene lawatsalira.

Titangofika pagombe tsiku loyamba, mchenga woyera mbee, madzi owala mpaka kuona zala zako za kumapazi, amai anayala chitenje, anasonkhanitsa zikwama, n'kunena mawu amene ndakula nawo: "Yendani imwe, ine nizasunga vyola."

Tinaseka, tinati n'kutopa kwa ulendo. Tsiku lachiwiri tinawauza kuti zikwamazo tizisiye kuhotela, chipinda chili ndi kiyi. Anatifunsa kuti kiyi winayo ali ndi ndani. Tsiku lachitatu tinakwera boti kupita kumene nsombazo zimapezeka. Woyendetsa boti, bambo wa imvi, waulemu wake, anawatsimikizira kuti pakati pa nyanja palibe wakuba. Amai anamuthokoza bwinobwino, kenako anandinong'oneza: "Uyo wamene akamba ati kulibe kawalala, umuyanganisise."

Ine ndi Misozi tinalowa m'madzi. Tinaziona nsombazo, zachikasu zomwezo, zikungodutsa pamaso pathu mopanda mantha. Tinadzutsa mitu n'kukuwa: "Amai, bwelani! Bwelani muone!" Iwo anangokweza dzanja limodzi. Linalo linali pa zikwama.

Musanawaseke amai anga, taganizirani za banja lanu. Ndani amasunga zikwama kwanu? Alipo, musakane. Banja lililonse la mu Lusaka muno lili naye. Pa siteshoni ya mabasi ena amapita kukagula zakumwa, iye amakhalira katundu. Paukwati ena ali pabwalo kuvina, iye ali patebulo ndi mulu wa zikwama za azimayi, mafoni asanu ndi jekete la mkwati. Mpingo ukapita kokacheza ku Lilayi, ana akuthamanga, abusa akumenya mpira atapinda buluku, pansi pa mtengo pamakhala munthu mmodzi wozunguliridwa ndi mabasiketi. Nthawi zambiri ndi mayi, kapena azakhali osakwatiwa aja. Palibe anamusankha pamsonkhano. Ananena kamodzi kuti "ine ndisunga," ife tonse n'kumva kukoma, basi ntchito n'kukhala yake mpaka kalekale.

Ndipo sikuti ndi misala. Mzinda uno unatiphunzitsa, ndipo unatiphunzitsa ndi chikwapu. Amai anafika mu Lusaka ine ndili ndi zaka zinayi, Misozi ali kumsana, kutsatira abambo amene anali atapeza ntchito. Pa siteshoni ine ndinalira kuti ndikufuna kuchimbudzi. Anasiya chikwama kwa mayi wina wooneka bwino amene anacheza naye m'basi ulendo wonse. Pobwera, mayiyo kulibe, chikwama kulibe. Munali zovala zathu zonse, makadi athu a kusikelo, ndi chithunzi chimodzi chokha cha amayi awo. Nkhaniyi amainena moseka masiku ano, koma chichokereni tsikulo, kufikira ulendowu, sindinawaonepo atasiya chikwama ndi munthu, ngakhale abambo ali moyo.

Zonsezi ndinkazidziwa. Chimene sindinkadziwa ndinachimva pa chakudya chamadzulo tsiku lachitatu lija, litatsala tsiku limodzi lokha. Misozi, amene mtima wake suchedwa kuwira, anaika foloko pansi.

"Amai, tinabwelela imwe kuno. Mailo ndiye siku yosiliza. Mufuna mukabwelele ku Kabwata mukauze bantu ati munaona vyola?"

Amai sanakwiye. Anapitiriza kuchotsa minga ya nsomba ndi zala, pang'onopang'ono, chifukwa masiku ano minga amaimva ndi zala, saiona.

"Nonse mukamba ati bwelani, bwelani," anatero. "Nikabwela, vyola visala na ndani?"

Azimayi awiri akuluakulu, wina wa ku Woodlands wina wa ku Chelstone, ophunzira ndi ndalama za salaula, tinasowa yankho la funso laling'ono ngati limenelo. Ndinachita manyazi, ndipo manyaziwo sanandichokebe. Zaka zonsezi takhala tikuwaitana kuti abwere kumene ife tili. Palibe ndi mmodzi yemwe mwa ife amene anayamba wadzukapo, kupita pamene iwo akhala, n'kunena kuti pitani, ndikhala ine. Tinkawaitana tili m'madzi, chifukwa tinkafuna kuti abwere popanda ife kutulukamo.

M'mawa mwake boti linatitula pa kachilumba ka mchenga wokhawokha, kamene kamaoneka madzi akaphwera n'kumiranso akabwerera. Panalibe mtengo, panalibe nyumba. Tinalipo anthu osakwana khumi ndi nkhanu. Amai atayamba kuyala chitenje, ndinakhalapo ine msangamsanga n'kukokera zikwama kwa ine.

"Amai, yendani. Nizasunga."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Iwe Tamala? Wamene unasiya ambulela mu minibasi kabili?"

"Ine wamene."

Anaima kanthawi. Ndinaona kuti akufuna kukana, ndipo ndinaonanso kuti akuyang'ana kumadzi ndi mutu wopendekeka, mmene amachitira tsopano pofuna kuti diso lamanja ligwire ntchito. Kenako anayamba kundipatsa malamulo. Mwendo ulowe m'lamba wa chikwama chachikulu. Chaching'ono chikhale pamiyendo. Munthu akabwera kudzacheza, ndiyankhe koma manja asachoke. Ndipo lalikulu pa onse: "Osagwila foni. Kawalala ayangana muntu wamene ali pa foni." Pofuna kutsimikiza, anatenga foni yanga ndi ya Misozi, kuziika m'chikwama chawo, n'kumanga pakamwa pake ndi mpango, mfundo ziwiri.

Ndi chifukwa chake chithunzi kulibe.

Ndinawaona akupita, jekete loyandamitsa lili pamwamba pa bulauzi, chitenje atachimanga ngati akupita kumunda, Misozi atawagwira dzanja lina, woyendetsa boti linalo. Madzi atafika m'chiuno anaima, ndipo ndinaona kuti akukangana ndi kapaipi kaja. Anakalavula kawiri. Kachitatu anawerama, nkhope n'kulowa.

Anadzuka nthawi yomweyo, n'kukuwa mawu amene sindinawamve. Ndinaganiza kuti basi, zatha, akubwerera. Koma anaweramanso. Ulendo uno anakhalitsa, ndipo posakhalitsa miyendo inanyamuka yokha, amai anga n'kuyandama chafufumimba pa nyanja yamchere, chitenje chikuvina kumbuyo.

Ine ndinali pa zikwama. Kodi munayamba mwakhalapo? Dzuwa limakuotcha mbali imodzi ndipo sungasunthe. Mwendo umachita dzanzi m'lamba muja. Anthu amaseka patali, iwe nthabwala yake osaimva. Umaona misana yokhayokha. Ndinakhalapo mwina ola limodzi ndipo ndinatopa, ndinanyong'onyeka, ndinafika pokwiyira nkhanu imene inkandiyandikira. Ola limodzi lokha. Kenako ndinayamba kukumbukira malo onse amene ndinasewerapo ndili mwana, ndipo paliponse, ndikatembenuka m'maganizo mwanga, amai anali cha kumbuyoko, atakhala pansi, akukweza dzanja limodzi. Ndinalira pang'ono, koma manja sanachoke pa zikwama.

Atatuluka, magalasi atawasiyira mzere pachipumi, milomo itatuwa ndi mchere, mawu awo oyamba anali akuti, "Vonse vilipo?"

"Vilipo, amai."

Anagwira chimodzichimodzi, anayesa mfundo za mpango zija, kenako anakhala pansi phwaa pambali panga, akupumira m'mwamba.

"Iliko," anatero. "Yamene ija ya pa thaulo. Yayelo, mizele yabuluu. Inabwela apa, pafupi so, yaniyangana. Kansi sibananame." Anapukuta kumaso. "Na ina yonyansa maningi, milomo monga ba landilodi batu bakudala."

Anaseka mpaka kutsokomola. Kenako ananena motsitsa, osandiyang'ana: "Pansi paja niona bwino kuchila kunja. Vonse vibwela pafupi."

Sindikudziwa ngati zimenezo n'zoona kwa adokotala. Sindinafunse ndipo sindidzafunsa. Chimene ndikudziwa n'chakuti anabwereramo kawiri madzi asanayambe kukwera, ndipo maulendo onse awiri sanatembenuke kuyang'ana zikwama.

Tsono ndabwerera ku Lusaka ndi maso ena. Ndikuwaona paliponse osunga zikwama. Loweruka ndinamuona wina paphwando la ana ku Kabulonga, agogo ovala bwino atakhala pampando wapulasitiki pakona, nsapato za adzukulu zili mulu pamapazi awo. Aliyense wodutsa ankati, "Ba mbuya, bwelani mudye keke," n'kupitirira osadikira yankho. Timawakonda anthu amenewa, sindikukana. Timawabweretsera mbale ya chakudya pomwe akhalapo, timawajambula, timawayamika kuti ndi anthu odalirika. Koma kuwayamika n'kosavuta, chifukwa woyamikayo amabwerera kukavina. Chovuta n'kukhala pampando paja.

Ena anena kuti anthu otere amakonda okha kukhala pansi. Mwina alipo. Koma munawafunsa liti? Ndipo munawafunsa mutaima, kapena mutakhala kale pa zikwamazo?

M'sitolo muja bamboyo anatiuza kuti zithunzi zituluka pakapita mphindi makumi awiri. Amai anasuzumira pakhomo. Tsidya la msewu panali mayi wogulitsa zitenje, atazipachika pa waya, ndipo pakati pake panali china chachikasu chowala, chamizere yabuluu. Anapendeketsa mutu, kuchiyang'ana ndi diso lamanja lija.

Kenako anavula chikwama chawo paphewa, chija sichichoka m'khwapa ngakhale m'tchalitchi, n'kundiika nacho pamiyendo. Sindinawapemphe.

"Gwila," anatero. "Nibwela manje-manje. Osagwila foni."

Ndinapisa mwendo m'lamba, bambo wa zithunzi akundiyang'ana modabwa, ndipo ndinakhala pomwepo mpaka anabwera.