Batani Lapakati

Chizindikiro choyamba chinaonekera pa kapu ya tiyi. Unali m'mawa, nyengo ya mwera chaka chatha, ndili pakhonde kwathu ku Yofu, pachilumba. Ndinanyamula kapu ndi dzanja lamanja monga mwa masiku onse, koma sinafike pakamwa. Inapendekeka, tiyi n'kutayikira pa thalauza. Ndinafuna kuitana mkazi wanga, amake Barnaba, koma chimene chinatuluka m'kamwa sanali mawu. Lilime linalemera, malovu akutsika mbali imodzi ine osawamva. Mutu unali utandipweteka kunkhongo kwa milungu ingapo, ndipo ndinkangoti ndi dzuwa.

Ndine munthu amene ndinagwira ntchito zaka zambiri ku Joni n'kubwerako ndi miyendo yanga. Kutchalitchi ndikamawerenga mawu, a kumbuyo ankamva popanda chimkuzamawu. Tsiku limenelo ine yemweyo anandinyamula pa machila. Mwana wanga Barnaba, amene amakonza mafoni ndi masola ku Chipyela, anagwira kutsogolo, ndipo alamu anga a Mikaeli, omwe timayandikana nyumba, anagwira kumbuyo, mpaka pamene galimoto imatha kufika.

Kuchipatala namwino anandiyeza kuthamanga kwa magazi, n'kubwerezanso ngati makina akumunamiza. Dokotala anauza amake Barnaba kuti ndi sitiroko, ndipo kuti magazi anakhala akuthamanga nthawi yaitali osadziwika. Anati kujambula mutu kumachitikira kumtunda, koma ndi mwera umene unalipo, kudikira sitima ndi kugwedezeka panyanja sikukanandithandiza. Anandigoneka m'wodi ya abambo.

Masiku a m'wodi amafanana. M'mawa kuyeza magazi, kenako mapiritsi, kenako kudikira dokotala. Ankanditembenuza pafupipafupi kuti ndisatuluke zilonda. Amake Barnaba ankaphika phala kukhitchini ya odwazika matenda n'kumandimwetsa pang'onopang'ono kuopa kutsamwa. A mafizo, olimbitsa ziwalo za odwala, anandipatsa kampira koti ndizifinya, ndipo poyamba kankangogwa. Patapita milungu ingapo ananditulutsa. Zonse zolankhulidwa ndinkamva, koma ine ndinkatha kunena "eya", "ayi" ndi timawu tina towerengeka. Dzanja ndi mwendo wakumanja zinali zofooka, ndipo kuima pandekha sindinkatha.

Kunyumba vuto linali kuitana. Anandiikira chitini ndi supuni pambali pa bedi, koma mphepo ikamawomba kukhitchini sankamva. Akamva ankabwera chothamanga, n'kuyamba kundifunsa chimodzichimodzi chimene ndikufuna, ine ndikungopukusa mutu mpaka mkwiyo kundigwira.

Barnaba ndiye anabwera ndi nzeru. Anapanga kabokosi kokwana m'dzanja, kokhala ndi mabatani atatu amene anachotsa pa wailesi yakufa. Mkati anaikamo kabolodi kakang'ono ngati bokosi la machesi, kamene iye ankati ndi ubongo wake, ndi batire limodzi. Anandifotokozera kuti kabolodiko ntchito yake ndi kuyang'anira mabataniwo, ndipo lililonse likadinidwa kapena kusiyidwa, kamauza foni ya amake kudzera pa bulutufu wa mtundu wosadya batire. Sipafunika netiweki kapena bandulo. Pa foni panali timipira titatu. Batani likadinidwa, kampira kake kankayaka, likasiyidwa kankazima. Kuti foni isamalire ndikangogunda mwangozi, anaikonza kuti izilira pokhapokha ndikagwira batanilo kakanthawi. Lapamwamba linali la madzi, lapansi la ululu, lapakati la chimbudzi.

Ndinasangalala nako. Ndinkadina ndi dzanja lamanzere, foni n'kulira kukhitchini, amake Barnaba n'kubwera akudziwa kale choti anyamule, kapu kapena chidebe. Ndinayamba kumva ngati munthu amene ali ndi mawu. Nthawi zina ndinkadina la madzi pongofuna kuona nkhope yawo, iwo n'kunena kuti ndasanduka bwana wa ku Joni uja.

Koma bulutufu safika patali. Ankafika kukhitchini, pamtengo wa mango ndi pathandala loyanika usipa. Kupitirira miyala ya kuseri kwa nyumba, foni inkatayana ndi kabokosi. Munda wathu wa chinangwa uli kutali kuposa pamenepo, ndipo unali utagona nthawi yonse imene ndinali m'chipatala. Amake Barnaba atayambiranso kulawirira kumunda, foni sikanatha kupita nawo. Inayenera kutsala ndi wotsala pakhomo, ndipo wotsala pakhomo anali mkazi wa Barnaba, apongozi anga, amake Tiyamike.

Amene anakulira kuno adziwa chimene ndikunena. Chikwatiwire pakhomo pano, ine ndi apongozi angawo sitinakhalepo pamphasa imodzi. Sindinadyepo iwo akuona. Akafuna kundipatsa kanthu amagwada chapatali, maso kumbali, ndipo tikakumana panjira wina amapatuka. Ndi ulemu umene ndinaupeza, ndipo ndimaukonda. Tsopano batani lapakati linkatanthauza kuti ndiwauze apongozi anga kuti ndikufuna chidebe, abwere adzandidzutse, adzamasule nsalu. Palibe amene anaitchula nkhaniyi. Amake Barnaba anangoti foni ili ndi amake Tiyamike, n'kunyamula khasu.

M'mawa woyamba ndinapirira mpaka thukuta. Zitafika povuta ndinadina lapakati, koma chala chisanakhazikike manyazi anandigwira, n'kuchichotsa. Foni sinalire, kampira kanangophethira. Amake Tiyamike anakaona, anabwera n'kugwada kunja kwa chitseko.

"Bambo, mwaitana?"

"Ayi," ndinatero. Mwa mawu ochepa amene ndinatsala nawo, ndinasankha limenelo.

Zinachitikanso mawa lake ndi mkuja. Amake Tiyamike anauza amuna awo kuti kampira kapakati kakumaphethira kokha. Barnaba anakhala pansi pambali pa bedi langa, anatsegula kabokosi, anayang'ana mawaya, n'kusintha batanilo. Litapitiriza kuphethira anasinthanso. Anandipepesa kuti wandipangira chinthu chosadalirika. Ndinamuyang'ana mwana wanga akupepesa pa mlandu wanga. Manyazi a tsiku limenelo ndimawamvabe.

Kenako ndinapeza njira imene ndinkayesa yanzeru. Ndinati chosalowa sichingatuluke. Tiyi wa m'mawa ndinayamba kumukana. Phala ndinkangolawa. Kapu ya madzi imene ankandisiyira ndinkangonyowetsera milomo. La madzi ndinasiya kudina, lapakati ndinasiya ngakhale kulikhudza, ndipo Barnaba anangoti kabokosi kachira. Ndinkagona chagada kudikira kuti amake Barnaba abwere kumunda dzuwa litapendeka. Panja ndinkamva alamu anga a Mikaeli akutsokomola pansi pa mango, akusoka ukonde, ndipo ndinkawakwiyira mumtima kuti munthu amakhala pakhomo panga m'mawa wonse osalowa kudzandichezetsa.

Tsiku lina ndinalephera kupirira. Ndinanyowetsa zofunda ngati khanda. Ndinatenga kapu ndi dzanja lamanzere n'kutsanulira madzi pomwepo kuti zioneke ngati ndataya mwangozi. Amake Barnaba atabwera anangosintha zofunda. Takhala limodzi zaka zambiri, ndipo ndikudziwa kuti mphuno zawo zimagwira ntchito.

Thupi silinachedwe kuyankha. Mkodzo unayamba kutuluka wochepa, wakuda ngati tiyi wopanda mkaka, wonunkha, ndipo unkawotcha. Msana unayamba kupweteka m'munsi mwa nthiti. Milomo inang'ambika. Kenako kunabwera kutentha thupi ndi kunjenjemera, ndipo akuti ndinayamba kuyang'ana anthu ngati sindikuwadziwa. Apabanja anati ndi malungo. Machila aja anatulukanso.

Kuchipatala anayeza malungo osawapeza. Anatenga mkodzo, tinadikira zotsatira pa benchi, ine nditatsamira Barnaba. Dokotala anati tizilombo talowa m'chikhodzodzo ndipo tayamba kukwera ku impso, komanso thupi lauma kwambiri. Anati kwa munthu amene wadwala kale sitiroko, kusowa madzi m'thupi kungathe kuitana ina. Anandiika diripi ndi kuyamba jakisoni. Ndinabwerera m'wodi yomwe ija, ndipo odwala ena amene ndinawasiya anandilonjera ngati wachibale.

Mutu utayamba kuyera, namwino wina wachikulire anaima pabedi panga n'kufunsa kuti kunyumba ndinkamwa madzi ochuluka bwanji. Amake Barnaba anayankha kuti kapu ankandisiyira tsiku lililonse. Namwinoyo anati, "Kusiya kapu ndi kwina, kumwa ndi kwina. Munthu sauma chonchi akumwa." Ananena akundiyang'ana ine, ndipo ndinatseka maso.

Amake Tiyamike anali atabweretsa chakudya masana amenewo, atakhala pansi chakumiyendo kwa bedi, nkhope atalozetsa kukhoma. Namwino atachoka, analankhula. Sanalankhule kwa ine, ngakhale ndinali pomwepo. Analankhula kwa apongozi awo aakazi, monga mwa mwambo.

"Amayi, muwauze bambo kuti lapakati likanalira, ine sinikanalowa. Tinapangana kale ni amalume a Mikaeli tsiku lomwe munanisiyira foni, kuti likalira ine n'kungowakuwira, iwo n'kulowa. Ukonde wawo amasokera pansi pa mango athu chifukwa cha chimenecho. Mthunzi kwawo ulipo."

Amake Barnaba anafunsa chifukwa chimene sanandiuzire. Iwo anati, "Nkhani yotere nikanaiyamba bwanji ni apongozi?"

Zinapezeka kuti aliyense ankadziwa za panganolo kupatula ine mwini chikhodzodzo. Amake Barnaba ankayesa kuti Barnaba wandiuza, poti kabokosi n'kake. Barnaba ankayesa kuti amake andiuza, poti ndi nkhani ya kuchipinda. A Mikaeli ankati akalowa osaitanidwa ndichita manyazi, choncho ankangotsokomola kuti ndidziwe kuti alipo. Tonse tinkalemekezana, ndipo ulemu umenewo unatsala pang'ono kundiika m'manda. Ndinatembenukira kukhoma n'kulira. Sindinalire chifukwa cha ululu. Ndinalira poganiza kuti mwana wa eni anandikonzera njira yosunga ulemu wanga, ine n'kumamuyankha kuti "ayi" atagwada pakhomo.

Madzulo Barnaba atabwera ndinasonkhanitsa mawu anga onse. Ndinati, "Batani. Labwino. Ine." Iye anati anazindikira atalisintha kachiwiri, koma anaopa kundifunsa.

Kutentha thupi kunatsika, mkodzo unayera, ndipo anandichotsa diripi. Ponditulutsa anandilangiza kumaliza mankhwala onse, kumwa madzi pafupipafupi, ndi kusasunga mkodzo. M'mawa woyamba kunyumba, amake Barnaba atapita kumunda, ndinamwa tiyi yense. Nthawi itakwana ndinaika chala pa batani lapakati. Mtima unagunda ngati ndikukaba. Ndinaligwira osalisiya mpaka ndinamva foni ikulira kukhitchini, kenako mawu a amake Tiyamike akuitana amalume awo. A Mikaeli analowa ndi chidebe akung'ung'udza kuti ukonde uja ankachita kuuphwasula kuti apeze chosoka, ndipo usipa wonse umene anaphonya ndidzawabwezera ndikachira. Ndinaseka ndi mbali imodzi ya kamwa.

Kuyambira pamenepo kuchira kunayenda, ngakhale pang'onopang'ono. Ndinayamba kukhala tsonga pandekha, kenako kuima nditagwira khoma, kenako kufika pakhonde. Lero ndimayenda ndi ndodo mpaka kuchimbudzi popanda wondigwira. Dzanja lamanja limagwira supuni koma limatopa msanga, ndipo izi ndalemba ndi lamanzere. Mawu abwerera ambiri, ngakhale ndikafulumira amapiringizana. Kuwerenga kutchalitchi sindinayambirenso. Mapiritsi a kuthamanga kwa magazi ndimamwa tsiku lililonse, ndipo ndimakayezetsa pa tsiku limene andipatsa.

Kwa anzanga a msinkhu wanga ndikuti, mutu ukamapweteka kunkhongo musamanamizire dzuwa, kayezetseni magazi. Dzanja likafooka mwadzidzidzi, kamwa ikapotoka kapena mawu akasokonekera, musadikire kuti muone mawa. Mkodzo ukasintha mtundu kapena kuwotcha, nenani tsiku lomwelo. Ndipo inu odwazika, nkhani ya chidebe muziikamba poyera ndi wodwala wanu, kuti adziwe amene adzalowe m'chipinda. Sitiroko inandipeza ndisakudziwa, koma matenda achiwiriwa ndinawaitana ndekha chifukwa cha manyazi.

Ndi amake Tiyamike nkhaniyi sitinaikambepo, ndipo sindikuganiza kuti tidzaikamba. Amagwadabe chapatali, maso kumbali. Chimene chasintha n'chimodzi. Akandibweretsera madzi sachokanso msanga monga kale. Amakhala pomwepo atagwada, akuyang'ana kumbali, mpaka amve kapu yopanda kanthu ikugunda pansi. Ine, amene sindinadyepo iwo akuona, ndimamwa onse.