Ng'oma Imene Sindinaimbe

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu sitandade sikisi, pamene a Chirambo, mphunzitsi wochokera kumpoto, anatumizidwa kusukulu yathu ya kumapiri kuno ku Neno. Anabwera ndi wailesi ndi makaseti ophunzirira ng'oma za ku Ghana. Woimba wa m'kasetimo ankayamba pang'onopang'ono kuti wophunzira atsatire, kenako n'kumafulumira mpaka mtima kugunda naye limodzi.

Anyamata anatopa nazo msanga. Ine, mtsikana ndekha, ndinakakamira. Tikaweruka ndinkatsala m'kalasi, n'kumabweza kaseti ndi bolopeni kuti mabatire asathe. Kumunda ndinkayeserera pa chigubu mpaka zikhatho zinachita matuza. Patatha miyezi isanu, a Chirambo anazimitsa wailesi, ine n'kupitiriza ndekha osaphonya.

"Esinala, pa tsiku la makolo udzaimba ndiwe," anatero.

Bambo anga, amene ankati ng'oma si ya akazi, tsikulo anavala jekete yawo ya kutchalitchi n'kukhala kutsogolo.

Titatsala pang'ono kuyamba, a Chirambo anandikokera kuseri kwa nsalu imene anatchinga pakhonde. Pamenepo panali wailesi ija, atailumikiza ku chimkuzamawu chobwereka.

"Kwabwera akuluakulu a maphunziro. Ukalakwitsa, manyazi ndi anga. Uzingoyendetsa manja, chikopa usachikhudze."

"Koma aphunzitsi, ndimatha. Munandimva nokha."

"Kodi wamva kapena sunamve?"

Ndinamva. Ndinakhala pamaso pa mudzi wonse, manja akuvina m'malere, ng'oma ya munthu wa kutali ikulira m'malo mwanga. Amayi analulutira. Pobwerera, bambo anandigulira mandasi awiri n'kunena chapansipansi kuti, "Eti mwana wanga, ndinkakulakwira." Sindinawauze zoona mpaka anamwalira, ndipo ng'oma ndinaisiya zaka zambiri.

Kwa nthawi yaitali ndinkaganiza kuti a Chirambo anandibera tsiku limodzi lokha. Tsopano, ndili mphunzitsi nanenso, ndimaona kuti anandibera zambiri. Ndikanalakwitsa tsiku lija, kulakwako kukanakhala kwanga, ndipo ndikanakonza. Koma mawu amene ndinkawayembekezera kwa bambo moyo wanga wonse anabwera kamodzi kokha, ndipo sanali anga. Mwana amene ndimamuphunzitsa akachita mantha pamaso pa alendo, ndimamusiya aphonye ndi manja ake.