Tsache la a Ennie ndi mtengo wa masamba ofiira

A Ennie Chimphamba ndinawadziwira kutchalitchi chathu ku Mirrabooka, kuno kutsidya kwa nyanja. Ndi munthu wabwino, koma wokayikira chilichonse. Mukawapatsa moni kawiri tsiku limodzi, amayamba kudzifunsa kuti mukufunanji. Kwawo ndi ku Lilongwe, ndipo akwanitsa zaka zisanu ndi chimodzi akusamalira okalamba panyumba ina ku Armadale.

Chimene sanasiye kumudzi ndi tsache. Anthu akuno amasiya masamba pansi mpaka aole, koma a Ennie m'mawa uliwonse amasesa bwalo n'kuwola zinyalala ndi manja. Chaka chatha anasamukira m'nyumba ina ya lendi, ndipo kuseri kwake kunali kamtengo kamene masamba ake amafiira n'kuyoyoka mu Meyi.

Sipanathe sabata, manja anatupa, matuza n'kutuluka pakati pa zala, kuyabwa kwake koposa chitedze. Kuntchito anawabweza poopa kuti ndi mphere. Dokotala anawafunsa ngati amalima, iwo n'kukana, pakuti kusesa si kulima. Anawapatsa mankhwala opaka, koma matuza ankangopola n'kubwereranso.

A Ennie sanafufuze patali. Mutale, mnzawo wa ku Zambia amene amagwira naye ntchito, anali atawapatsa mafuta odzola tsiku losamuka lija. Nanga mashifti awo anapita kwa ndani? Kwa Mutale yemweyo.

"Asisi, utsi sufuka popanda moto," anandinong'oneza titaweruka mapemphero. "Mwana uja wandichita chipongwe."

Mafuta anataya, foni ya Mutale anasiya kuyankha, ndipo nkhani inafika kwa amayi onse a kwaya. Inenso ndinagwedezera mutu, ndipo mpaka lero ndimachita nazo manyazi.

Loweruka lina Mutale anangobwera osaitanidwa. Anagogoda, osatseguliridwa. Ataona masamba ali mbwee chifukwa mwini wake sakanathanso kugwira tsache, anasesa, kuwola, n'kuthyolako nthambi zimene zinkatchinga njira. A Ennie ankasuzumira pawindo, poganiza kuti akuwakwiririra mankhwala pakhomo.

Lachiwiri, Mutale nayenso anabwezedwa kuntchito, mikono ili matuza okhaokha mpaka m'zigongono. Mutale atamuonetsa wogulitsa mankhwala chithunzi cha bwalolo pafoni, iye anati kamtengo kaja kamatchedwa rhus, ndipo utomoni wake umawotcha khungu. Analangiza kusamba ndi sopo ndi madzi ozizira, kupaka mankhwala oyera otchedwa kalamaini, ndi kuchapa zovala zonse zimene zinakakhudza.

Mwini nyumba atauzidwa, anatumiza anthu a magolovesi ndi malaya a manja aatali. Anazula kamtengoko ndi mizu yomwe n'kukamangirira m'matumba. A Ennie anali atatulutsa kale machesi monga timachitira kwathu, koma anawaletsa kuti utsi wake umavulaza mapapo.

Masana a tsiku limenelo a Ennie anakwera basi kupita kwa Mutale, ine n'kuwaperekeza. Anakhala pansi n'kuyamba kumupaka kalamaini ndi thonje pang'onopang'ono. Ndinkaganiza kuti mphekesera zija sizinamufike.

Mutale anayang'ana mikono yake yoyera mbuu, kenako anawayang'ana m'maso.

"Manje ba Ennie," anatero motsitsa mawu, "na ine ninazilodza neka?"

Thonje linagwa m'manja mwa a Ennie. Mutale analitola n'kuwabwezera, kenako anawatambasulira mkono winawo.