Chithunzi Chopanda Mphini

Ndinadzuka kusanache, moto wa nkhuni za mupani utatsala makala okhaokha. Azibambo anali atagona pamphasa pansi pa mtengo wa mango, ndipo m'nyumba azimayi a chigwirizano ankaimbabe, mawu atasasa. Ndinali nditatsamira chikwama changa usiku wonse, choncho ndinayamba ndapapasa m'kati kuti ndione ngati galasi la fulemu silinasweke. M'fulemumo munali chithunzi cha amayi chimene ndinasindikiza ku Mfuwe dzulo lake. Sindinkafuna kuti munthu achione, koma china panalibe.

Ntchito yanga ndi ya zithunzi. Ndimajambula maukwati ndi alendo a m'maloji, ndipo ndakhala ndikudzitama ndi liwiro. Anzanga amakonza chimodzichimodzi mpaka msana kuwawa. Ine ndimakonza chimodzi chokha pa laputopu, kuwala kwake ndi mitundu yake, kenako ndimasankha zonse n'kudina kamodzi, makonzedwe omwewo n'kugwera pa mazanamazana. Ndinachitanso zomwezo chaka chatha pa ukwati wa mlongo wanga. Iye anali ndi ziphuphu, ndiye anandipempha kuti ndimusalaze nkhope. Ndinamusalaza, n'kudina kamodzi, aliyense wa paukwatipo n'kusalala. Zithunzi zoyambirira ndinazifufuta kuti ndipeze malo a ntchito ina. Amayi ankandiuza kawirikawiri kuti kuthamanga sikufika, ine n'kumaseka.

Amayi anali ndi mphini m'masaya, zimene anawatema ali namwali ku Malama. Kamera ankaithawa, anangolola tsiku la ukwati wa mlongo wanga lokhalo, ndipo chithunzi cha pachitupa chawo chinasuluka kalekale. Pofunafuna chithunzi cha maliro m'pamene ndinaona zimene ndinachita. Makinawo anaziyesa zipsera mphini zija. Anazichotsa zonse pamodzi ndi makwinya.

Kutacha, azimayi anasonkha moto kuseri kwa nkhokwe, ena ali pamzere wa kumjigo. Adzukulu anali atapita kale kumanda ndi mapiki, chifukwa nthaka ya mwezi wa Okutobala khasu sililowa. Anthu anayamba kufika, ena panjinga, ena wapansi, aphunzitsi atavala mataye m'kutentha konseko. Achibale a ku Malama anabwera pa lole, fumbi lili mbuu m'mitu. Cha m'ma naini koloko galimoto ya thupi inalowa pabwalo, ndipo kulira kumene kunali kutazirala kunayambiranso.

Ndinaika fulemu ija patebulo pafupi ndi bokosi. Anthu anaiyamikira. Wina anati amayi akuoneka mtsikana, wina anati ndidzamujambule chotero asanafe. Mawu aliwonse ankandilasa mumtima. Kenako anafika amayi aakulu, akulu awo a amayi, akutsimphina ndi ndodo. Anawerama, nayang'ana nthawi yaitali.

"Mwana wanga, uyu ni ndani?" anandifunsa chapansipansi. "Mng'ono wanga anali na mphini."

Iwo sanakalipe, anangopita kukakhala pamphasa.

Nthawi yoona nkhope itakwana, ndinaima pamzere dzanja lili m'chikwama, litagwira kamera. Ndinali nditaganiza kuti ndijambule kamodzi kokha, mwamsangamsanga, popeza liwiro ndilo luso langa. Nditafika pabokosi ndinaziona mphini zija, zakuda bii pa tsaya lotuwa, monga ndinkazionera amayi akamandisambitsa. Atate anali atakhala pompo, maso ali pa ine. Mwana wamtundu wanji amaloza kamera pa mtembo wa amake, atate ake akuona? Misozi inatseka maso, am'mbuyo anandigwira paphewa kuti ndisunthe. Ndinadzilimbitsa mtima kuti nkhope ya amayi munthu saiwala. Posakhalitsa ndinamva hamala ikugunda misomali.

Paulendo wa kumanda anandipatsa ine fulemu kuti nditsogole. Dzuwa linali paliwombo, nyenje zikulira m'mitengo yopanda masamba, mchenga ukuwotcha kupyola nsapato. Tinawoloka mtsinje wouma, oimba akusinthana nyimbo, onyamula akulandirana bokosi. Njira yonseyo ndinanyamula pachifuwa mayi wosalala amene sanandibale, amayi anga enieni akubwera m'mbuyo atawakhomera. Za ulaliki sindikumbukapo kanthu. Ndikumbuka kulira kwa dothi loyamba pabokosi, ndi mlongo wanga akugwa, azimayi awiri n'kumudzutsa.

Pofika madzulo pabwalo panatsala phulusa, mabenchi a kutchalitchi ndi mphasa zopindapinda. Lole ya ku Malama inali itanyamuka, koma amayi aakulu anatsalira. Ndinakhala pakhonde dzuwa lisanalowe, n'kutsegula laputopu, n'kukulitsa tsaya la amayi mpaka linadzaza galasi lonse. Kulemba timizere takuda si ntchito kwa ine. Ndinasankha mtundu, ndinasankha kukula kwake, dzanja n'kuima. Sindinadziwe kuti ndilembe tingati.

Ndinafunsa atate. Anaganiza, nati zitatu mbali iliyonse, kenako anati kaya. Mlongo wanga anati zinali folo, n'kuyambanso kulira. Ndinapita kukagwada pafupi ndi amayi aakulu, amene anali atatsamira chipupa, maso ali kumanda.

"Amayi, mphini zija zinali zingati?"

Anandiyang'ana mwachisoni, osati mwaukali.

"Unayamwa uli kuziyang'ana, mwana wanga. Lero ufunsa ine?"

Anatembenuka n'kudzifunditsa chitenje kumutu. M'nyumba munalibe woimba kapena wotsokomola. Ndinabwerera pakhonde n'kukhala, chala chili pa batani, tsaya la amayi lili see kutsogolo kwanga, mpaka batire inatha.