Poti ya a Makiyi

A Makiyi mukuwadziwa, aja amadula makiyi pakhonde la sitolo ya zitsulo, a chipewa chothothoka aja. Mumsewu muno palibe loko linawakanapo. Sutikesi, kabati, galimoto, ngakhale chipinda chimene bwana wina anatsekeredwamo ndi mkazi wa mwini, onse amati kaitaneni a Makiyi.

Chowakanika chinali mwana wawo wachisamba. Banja loyamba litatha, mtsikanayo anapita kutali ndi amayi ake, n'kukulira komweko. Bambo akaimba, foni ankangoiyang'ana mpaka itope yokha. Meseji ankayankha, inde, koma mawu ake ouma gwa: "Ndamva." "Chabwino."

Tsono tsiku lina kunabwera meseji yotalikirapo. Akuti pali masewera a pakompyuta omanga nyumba ndi kuweta ziweto. Ngati bambo akufunadi kucheza, awaike pakompyuta yawo, atsegule poti pa rauta, iye adzalowa Loweruka masana. "Zikakanika, basi, musadzandivutitsenso."

"Nditsegule poti chiyani?" a Makiyi anafunsa akazi awo atsopano.

"Poti ndinu bambo ake, kaya. Mundifunse ine?"

Anakabwereka kompyuta yakale kwa alamu awo. Rauta ija, kabokosi kobweretsa intaneti kamene kankangophethira pamwamba pa kabati, anaitembenuza uku ndi uku kufuna pobayira kiyi. Ntchito anaisiya. Anthu ankabwera ndi maloko awo pakhonde n'kupeza mpando uli wokha, mwini ali kunyumba, mphuno pa sikirini, akuwerenga malangizo ndi chala.

Pang'ono ndi pang'ono zinayamba kulowa. Rauta ndi mlonda wa pageti. Foni ndi kompyuta za m'nyumba, chilichonse amachipatsa adiresi yake ya manambala. Poti ndi khomo la nambala. Iwe umangomuuza mlondayo kuti mlendo akagogoda khomo lakuti, mperekeze ku adiresi yakuti.

"Aa! Si ntchito yanga yomwe ija?"

Lachinayi analemba nambala ya khomo, analemba adiresi ya kompyuta, anayesa, zinatheka. Tsiku limenelo ngakhale wogulitsa malasha anauzidwa za poti.

Loweruka litafika, a Makiyi anasamba, anameta, n'kulamula kuti malaya oyera asitidwe.

"Adzakuonani ndani? Si mwati ndi tizidole tokha timaoneka?"

"Sitani, mayi. Kukubwera mlendo."

Soketi ya pabalaza ndi imodzi. Mayi anazula rauta, analumikiza ayironi, anasita, n'kubwezera bwinobwino. Koma mlonda uja akadzuka kutulo amagawa maadiresi mwatsopano, woyamba kufika ndiye woyamba kulandira. Adiresi ya kompyuta inagwera foni ya mayi.

Masana meseji inalowa: "Sizikutheka."

A Makiyi anayang'ana khomo la nambala lija, lotsegula. Anagwada pansi, anauzira mawaya, anagwedeza tinyanga ta rauta. Anafika potenga kabotolo ka oilo, mayi n'kuwalanda. Malaya oyera aja anamatirira kumsana.

"Dikira pang'ono, mama," analemba.

"Ndinadziwa," linabwera yankho.

Pamenepo munthu wamkulu anakhala pansi pa simenti, miyendo tambalale. Ankadziwa kuti mwanayo satsegula kawiri. Ankaona kale kuti meseji yotsatira idzabwera pa maliro awo, nayonso ya mawu amodzi.

"Mwachita chiyani m'nyumba muno?" anakalipa.

"Ndasita malaya a mlendo wanu," mayi anayankha.

Anadzuka, n'kuyamba kufananitsa manambala limodzilimodzi, monga amachitira ndi mano a kiyi. Apo! Adiresi imene analemba mu rauta ndi imene kompyuta inali nayo tsopano zinasiyana nambala yomaliza yokha. Nthawi yonseyi mlonda ankaperekeza mwana wa mkazi woyamba m'foni ya mkazi wachiwiri. Kukonza kwake n'kosavuta: kufufuta nambala imodzi, kulemba ina.

Chala chili m'mwamba, foni inalira. Osati meseji. Kulira kwenikweni.

"Bambo, mukundimva? Kulemberana kukutichedwetsa. Ndiwerengereni zimene zili pa sikirini."

Mawu aakulu, a munthu wamkulu, okalipa ngati a malemu agogo ake. A Makiyi anayang'ana nambala yolakwika ija, n'kubweza chala mwakachetechete, kuchiika m'thumba.

"Sikirini ndiye chiti, mama?"

"Ayi, bambo! Galasi limene mukuliyang'analo!"

"Oo, galasi. Tayamba poyambirira, usathamange. Mutu wa bambo ako ndi wadzimbiri."

Mayi anaima pakhomo la kukhitchini, manja m'chiuno. "Bodza, munthu wamkulu," ananong'ona.

A Makiyi anawakupiza ndi dzanja kuti achoke, n'kukokera mpando pafupi.

"Wati ndidine pati? Komatu kumeneko kukumveka mvula. Denga lanu silidontha?"