Zikhomo za m'munda mwa anganga

Mwaswera bwanji nonse? Imvani zomwe zandichitikira lero kuno ku Utale.

Paja ku yunivesite anatituma kuti patchuthi pano aliyense ayeze akalozera, mizere ija yotchinga madzi, m'munda wotsetsereka, tikaonetse zithunzi. Ine ndasankha munda wa anganga aamuna, uja umakokoloka chaka ndi chaka. Ndakhoma zikhomo, ndamanga chingwe, kenaka ndapita kukamwa madzi.

Pobwera ndapeza anganga akuzula zikhomo zanga chimodzichimodzi n'kumaponya patchire. Munthu woyendera ndodo, koma changu chakecho! Mtima wandipsa. Ndati, "Anganga, imeneyo ndi ntchito ya kusukulu!"

Iwo akuti, "Iyayi, yozulayi ndinaiyamba kalekale, bambo ako asanabadwe."

Akuti nthawi ya atsamunda, akapitawo a malimidwe ankabwera ndi chingwe ngati changachi, kukakamiza anthu kuunda migula. Bambo a anganga atakana, anawamanga. Ndiye amayi awo ankawatuma iwo, ali kamnyamata, kukazula zikhomo akapitawo aja akangotembenuka. Lero ataona chingwe, akuti manja anangoyamba okha.

Ndati basi, ndikayeza kwa aneba. Anganga ayang'ana chigwembe chija anakumba madzi pakati pa munda. Kenaka akuti, "Katole zikhomozo. Koma nyundo undipatse. M'munda muno chikhomo ndikhoma ndekha."

Amalume, azakhali, nkhani ya kumangidwayi munkaidziwa? Nanga bwanji palibe anandiuzapo? Ine kusukulu andiphunzitsa kuyeza ndi chingwe, koma sanandiuze kuti chingwe chomwechi chinamangitsapo munthu wa kwathu.