Sutikesi ya Stanley Inafika Yokha pa Maliro

Rosina Zulu anagwira ntchito yokonza zipinda pa hotelo ya Msasa zaka khumi ndi chimodzi, ndipo pa zaka zonsezo sanapeze chifukwa chomwe munthu wamutu wake angafunire kugona pamenepo. Hoteloyo inali kunja kwa tauni ya Chipata, pakati pa madepoti a chimanga, galaja ya mathirakitala ndi maofesi a anthu ogula fodya. Inali ndi zinzake ku Kabwe, ku Ndola ndi ku Livingstone, ndipo amanejala, a Wilbroad Tembo, ankanyadira kuti ukalowa chipinda cha kuno uli ngati walowa cha kumeneko. Makatani anali omwewo a mtundu wa dothi, chithunzi chomwecho cha njovu pamwamba pa bedi, ndi kasopo kochepa ngati bisiketi. Rosina sankaona chonyadira pa nyumba yosadziwa mwini wake.

Anabadwira ku Chipangali, kwa alimi a mtedza. Anakwatiwa ndi Philemon, yemwe ankakweza katundu m'malole pa malire a dziko ku Mwami, ndipo mwamunayo atamwalira mu 1983 Rosina anatsala m'komboni ya Kapata ndi mwana mmodzi, Chipo, ndi manja awiri odziwa kuchapa. Amene anamutsina khutu kuti hotelo yatsopano ikufuna anthu anali mai Zelipa Jere a nyumba yoyandikana, akazi a aphunzitsi a Gerson Jere. Ndi iwonso amene anamubwereka nsapato zokafunsira ntchito, ndipo Rosina akakhala kuntchitoko Chipo ankadya kwa a Jere.

Alendo a pa Msasa Rosina ankawadziwa kuposa akazi awo, poti iye ndi amene ankalowa iwo akatuluka. Anali anthu a mataye, ogulitsa feteleza, mbewu ndi inshuwalansi, kuphatikizapo aja a mawekishopu amene anachuluka boma litasintha. Pa risepishoni Chingelezi chinkachita kutulukira m'mphuno. Koma m'chipinda bwana yemweyo ankapukutira nsapato tawulo loyera, n'kukankhira zitsononkho za chimanga chootcha pansi pa bedi, ndipo pochoka ankalongedza kasopo kaja limodzi ndi pepala la m'chimbudzi. Ena madzi otentha akasowa ankabangula ngati kwawo kuli giza, chonsecho zidendene zikuchitira umboni kuti anakula akusamba kudambo.

Lamulo lochokera kulikulu ku Lusaka a Tembo ankalibwereza Lolemba lililonse: mlendo simumudziwa. Kaya ndi mlamu wako, kaya ndi mkulu wolemekezeka wabwera ndi mkazi amene si uja mumamudziwa, iwe gogoda, pereka moni, yala bedi, tuluka. Woulula za mlendo kunja asiye yunifomu pa geti. Rosina sankavutika nalo lamuloli. Anthuwo analibe nawo ntchito, komanso yunifomuyo ndi imene inkaphunzitsa Chipo ku sekondale.

Mai Zelipa anamwalira Lolemba lina mu Okutobala wa 1994, nyengo yotentha moti ngakhale nkhuku zinkayenda kukamwa kuli yasa. Anthu anasonkhana monga mwa mwambo, amuna panja, amai m'nyumba, onse kugona pamphasa, poti maliro n'kulirana. Koma kuika kunadikira munthu mmodzi, Stanley, mwana yekhayo wa a Jere, yemwe ankagwira ntchito ku Lusaka pa kampani ina yogulitsa mbewu. Lachiwiri madzulo anaimba foni kunyumba ya abusa kuti mabwana sanamumasule, afika Lachisanu, amudikire. Abale ochokera kumidzi anang'ung'udza kuti minda ikuwadikira, koma aphunzitsi anati mai sangalowe m'manda mwana wake asanaone nkhope. Kuyambira pamenepo anakhala pampando pafupi ndi mpanda, maso ali kumsewu, chakudya n'kumangochilawa. Akamva galimoto ankaimirira.

Lachitatu m'mawa Rosina anachoka pamaliro, nasamba, napita kuntchito maso ali psuu. Atagogoda pa chipinda nambala naini, mawu anamuuza kuti alowe. Munthu anali khale pabedi atavala vesiti, akudya mazira ndi buledi pa thireyi, wailesi ya kanema ikudziyankhulira yokha. Rosina anayamba waona makutu. Makutu a kwa Jere sasokoneza, ndi otambalala ngati a aphunzitsi omwewo.

"Kodi si a Stanley awa?" anafunsa Rosina.

Munthuyo anasiya kutafuna. "Ndinu ndani?"

"Ndine amake Chipo, a kuseri kwa nyumba ya kwanu."

"Oho, anti." Stanley anasuntha thireyi. "Tsekani chitseko, anti."

"Mwafika liti?"

"Dzulo masana. Onani, musandione molakwika. Mitingi iyi ya ogulitsa mbewu inakonzedwa kalekale, mabwana abwera kuchokera kutali, ndipo woyankhula ndine. Ikutha mawa madzulo. Ndikangoponda ku Kapata lero sindibwerako, mukudziwa mmene zimakhalira, kugona pansi, utsi, aliyense akufuna kukuyankhula. Ndiye ndikaime bwanji pamaso pa anthu ndikununkha moto? Amai apita kale, masiku awiri sasintha kanthu. Bokosi ndaitanitsa labwino, la ku Lusaka, lifika Lachisanu."

"Ndiye foni ija ya kwa abusa munaimbira pano?"

Stanley anabwerera ku mazira ake.

"Atate anu sakudya," anatero Rosina.

"Adzadya Lachisanu. Anti, inu ndinu a ntchito pano, malamulo mukuwadziwa. Komanso tawulo ili ndi lonyowa, mundisinthire."

Rosina anasinthadi tawulo. Anayala bedi, nakunga ngodya zake monga anamuphunzitsira, kwinaku mtima ukuwira. Mai Zelipa anathera maso pa makina osokera, kusoka mayunifomu a ana a anthu, kuti chinthu ichi chiphunzire. Tsopano chinaphunziradi, mpaka kudziwa kuti utsi wa pa maliro a mai ake ungaononge shati. Ndipo kuchoka pa hotelopo kukafika ku Kapata unali mtunda woti Rosina ankayenda wapansi tsiku lililonse, kupita ndi kubwera.

Madzulo a tsikulo, pobwerera kumaliro, anapeza aphunzitsi ali pampando pomwe paja.

"Amake Chipo, inu mumadzera kumsewu waukulu. Basi ya ku Lusaka yalowa?"

"Sindinaione, aphunzitsi."

"Mwina mabwana amuchitira chifundo, abwera msanga. Vuto lake ndi mwana womvera, sangachoke asanamuuze kuti pita."

Rosina analowa m'nyumba, nakhala pakati pa amai anzake, nalira kwambiri. Onse anaganiza kuti akulira Zelipa yekha.

Lachinai cha m'ma teni koloko, akudutsa ndi ndowa pa khonde, anasuzumira pa windo la holo ya misonkhano. Stanley anali kutsogolo, taye ili pakhosi, kachikwangwani ka dzina lake kali pachifuwa, akufotokoza za mbewu yocha msanga. Ananena kanthu kena koseketsa, holo yonse inaseka, iyenso anaseka mpaka kugwira tebulo. Pambali panali tiyi ndi masamusa. Rosina anaika ndowa pansi, ndipo sanaitolenso.

Kiyi wa nambala naini anali m'thumba la yunifomu. Analowa, natsegula wodilopu. Munali suti yakuda yositasita, yodikira Lachisanu, ndi nsapato zonyezimira pansi pake, chisoni chonse chokonzeratu. Anapinda sutiyo, naika m'sutikesi pamodzi ndi mashati, lumo ndi mswachi. Anadziwa bwino lomwe kuti ntchito yathera pamenepo, ndipo za sukulu ya Chipo zinamubwerera m'mutu, koma mkwiyo unali utafika kale pakhosi. Anapota tawulo la hotelo kukhala nkhata, nasenza sutikesiyo. Mlonda wa pa geti atafunsa, anangoti mlendo wasamuka.

Anayenda mu yunifomu yomweyo, kudutsa madepoti, kudutsa msika, osapatsa moni aliyense. Atafika pamaliro amuna anali pamthunzi, ena akusinza. Rosina anapita molunjika kwa aphunzitsi, nagwada, natula katunduyo pamapazi pawo. Pa chogwirira panali kachikopa kolembedwa S. JERE.

"Katundu wa mwana wanu uyu, aphunzitsi," anatero mokweza, poti ankafunadi kuti aliyense amve. "Mwini wake ali pa Msasa, chipinda nambala naini, kuyambira Lachiwiri. Akuphunzitsa anthu kugulitsa mbewu. Akuti pano pali utsi."

Nyimbo ya amai m'nyumba inaduka pakati. Aphunzitsi anayang'ana kachikopako nthawi yaitali, nakagwira ndi chala monga ankachitira powerenga kope la mwana wa sukulu. Kenako anaitana mkulu wa mpingo amene ankayendetsa mwambo.

"Uzani adzukulu akakumbe. Bokosi mukagule la matabwa wamba kuseri kwa msika, likwanira. Tiika lero."

"Nanga mwana, aphunzitsi? Titume munthu?"

"Ali pa ntchito, musamusokoneze."

Anaikadi tsiku lomwelo. Stanley anatulukira pa takisi dzuwa litapendeka, anthu akuchokera kumanda, akusamba m'manja pa beseni la pa geti. Anali atamva kwa amanejala kuti wantchito wathawa ndi katundu wake, ndipo kachikwangwani kaja kanali kadakali pachifuwa. Anayesa kulira, koma kulira kwa munthu amene wadya masamusa kumamveka. Palibe mai anatuluka kudzamulandira, palibe bambo anamusunthira pa benchi. Atate ake anamudutsa ngati akudutsa mtengo. Ndiye poti munthu wopanda manyazi sasowa chonena, anatembenukira kwa Rosina n'kufunsa ngati suti yake sinakwinyike.

Mmawa mwake mlonda anabwera kudzatenga yunifomu ndi kiyi, komanso tawulo lija, poti a Tembo analiwerengera. Rosina anapereka zonse zochapachapa. Anayamba kukazinga mtedza ndi kugulitsa tomato pa msika wa Kapata, ndipo Chipo anamaliza sukulu movutikira, koma anamaliza. Hoteloyo sanaisowe ngakhale tsiku limodzi. Amai a pamsika ankamutama kuti ndi mkazi wolimba mtima, ena n'kumamupempha kuti afotokozenso mmene anasenzera sutikesi, iye n'kumangoti zinapita zimenezo.

Chimene sankafotokozera munthu ndi zimene zinachitika patapita masiku atatu chiikire maliro. Abale anali atabalalika, Stanley atabwerera ku Lusaka, ndipo Rosina anawapititsira aphunzitsi phala la mtedza. Anawapeza pakhonde, mpando atautembenuzira kukhoma. Analandira mbaleyo ndi manja awiri, nathokoza mwaulemu monga mwa masiku onse, koma sanadye.

"Amake Chipo, zimene munanena zinali zoona, sindikukutsutsani," anatero aphunzitsi. "Mkazi wanga munamukonda, ndikudziwa."

"Sindikanatha kungoyang'ana, aphunzitsi."

"Inde. Koma mukanandisiya mpaka Lachisanu. Akanabwera ndi bodza lake, ine n'kukhulupirira, n'kudzafa ndili ndi mwana."

Rosina anakhala chigwadire, akuyang'ana pansi.